ARKAIM: BWINJA LA M'CHIDIKHA CHA UDZU NDI MANDA A ENI ACHE

Yense wa ife amene adagwirapo khasu adziwa bwinja. Pothyola munda watsopano khasu limagunda phale, kapena mphero yosweka, kapena phulusa lakuda pakati pa katondo, ndipo akulu amati, "Pano padali mudzi." Tikafunsa za mwini mudziwo, nthawi zina atitchulira dzina la mfumu ndi la mlongo wache, koma alipo mabwinja ena akale koposa, amene ngakhale nkhalamba ya imvi ingopukusa nawo mutu, pakuti onse amene adaona utsi wa pamenepo adatha kalekale. M'mwezi uno wa Novembala, pamene Eklezia atikumbutsa za akufa, tiyeni tiyende ndi maganizo athu ku bwinja lina lotere la kutali kwambiri, tikaone m'mene anthu ophunzira adafunsira dothi, makala ndi mafupa, kufikira zinthu zosalankhulazo zidawauza zaka za mudzi ndi makhalidwe a eni ache. Dzina la malowo ndi Arkaim, m'dziko la Russia.

Munthu wochokera ku Moscow, likulu la dzikolo, alunjika kum'mawa mpaka afika ku mapiri a Ural, amene ali malire a Ulaya ndi Asia. Cha kumwera kwa mapiriwo kuli mzinda wa Magnitogorsk, kumene amasungunula chitsulo chochuluka, ndipo kuchokera kumeneko galimoto iyenda makilomita ngati 150, kulowera ku malire a Kazakhstan. Pa njirayo mapiri amatsalira m'mbuyo, mitengo imachepa, ndipo maso aona udzu wokhawokha kufikira kumene thambo likomana ndi nthaka. Ichi ndicho chidikha chachikulu chimene eni dziko amachitcha stepi, chotambalala makilomita ngati 8,000 kuyambira ku Hungary ndi Ukraine kufikira ku Mongolia. Mvula ya kumeneko njochepa. Udzu wina uli ndi ngayaye zoyera zonga nthenga, ndipo mphepo ikaomba, chidikha chonse chimachita mafunde monga nyanja. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limatentha ndithu. Koma kuyambira Novembala chisanu choyera chonga ufa chimakuta dziko, mitsinje imauma gwa ngati mwala, kotero kuti munthu aoloka pamwamba pache osanyowa phazi.

Pamene timitsinje tiwiri, Bolshaya Karaganka ndi Utyaganka, tikomana, pali chigwa chozingidwa ndi timapiri tating'ono. Mlendo woima m'chigwamo sangaone kanthu kodabwitsa, koma akakwera kaphiri nayang'ana pansi, azindikira mizere iwiri yozungulira m'kati mwa udzu, monga nkhata yaing'ono yoikidwa m'kati mwa nkhata yaikulu. Amenewo ndiwo maziko a malinga awiri a mudzi wa Arkaim.

Padatsala pang'ono kuti munthu aliyense asadzaonenso mizereyi. Boma la masiku amenewo lidalikumanga damu lakuti lisunge madzi othirira minda, ndipo chigwa chonsecho chidayenera kumira. Monga mwa lamulo, akatswiri ofukula zakale a ku sukulu yaukachenjede ya Chelyabinsk adatumidwa kukayendera malowo madzi asanafike, ndipo m'mwezi wa Juni 1987 anyamata awiri a sukulu, amene adalikuthandiza pa nchitoyo, adaona mizere yachilendo m'udzu nauza akulu ao. Mtsogoleri wa akatswiriwo, Gennady Zdanovich, pozindikira kukula kwa chinthucho, adayamba kudandaulira akulu a boma, ndipo ophunzira ena omveka, monga Boris Piotrovsky, mkulu wa nyumba yosungiramo zakale ya Hermitage, adamthandiza. Sichinthu chapafupi kuimitsa nchito imene yadya kale ndalama zambiri. Komabe m'chaka cha 1991 boma lidaleka za damulo, niliika chigwacho pakati pa malo otetezedwa.

Tsono kufukula bwinja kusiyana kutali ndi kukumba nkhuti. Wofukula ayamba wayesa malo ndi zingwe, nawagawa m'timabwalo tofanana, kuti chiri chonse chimene atole adziwe pamene chidagona ndi kuya kwache. Achotsa udzu wa pamwamba ndi fosholo, koma pofika pa dothi lakale agwada pansi, napala pang'onopang'ono ndi kampeni ndi kaburashi, ndipo dothi lochokamo amalisefa monga mai asefera ufa. Chifukwa chache n'chakuti dothi limagona mosanjikizana: la pansi ndilo lakale, la pamwamba ndilo latsopano, ndipo wosokoneza misanjikoyo wang'amba kalata asanaiwerenge. Mtengo udaola kale, koma pamene padaima nsanamira pamatsala banga lakuda lozungulira m'dothi loyera. Potsata mabangawo katswiri ajambula nyumba yonse pa pepala. Akulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nchito iyi njotero kumene. Ku Arkaim adafukula pafupifupi theka la mudzi, natsiriza pokwiriranso zimene adafukulazo kuti mvula ndi chisanu zingaziononge, ndipo mbali yotsalayo adaisiyira obwera m'mbuyo, amene adzakhala ndi zida zoposa zathu.

Zimene adapeza ndi izi. Linga lakunja lidali lozungulira, lotambalala mamita ngati 160 kuchokera mbali ina kufikira inzache, lomangidwa ndi dothi lotsenderedwa pakati pa mitengo, ndipo kunja kwache kudali ngalande yakuya ngati mamita 2. M'kati mwa lingalo mudali nyumba zogundizana khoma ndi khoma, misana yao itatsamira linga, makomo ao atapenya m'kati, kumene kudali njira yozungulira mudzi wonse. Kenaka padali linga lachiwiri ndi mzere wachiwiri wa nyumba, ndipo pakati penipeni padali bwalo. Nyumba zonse zidali ngati 60, iri yonse yaitali ndi yotakata, yokwanira banja lalikulu ndithu. M'nyumbamo mudali malo a moto, maenje osungiramo chakudya, ndi chitsime cha madzi, kotero kuti pa nyengo ya chisanu kapena ya nkhondo mai sadayenera kutuluka kunja kukatunga. Pambali pa chitsime kawirikawiri padali ng'anjo yosungunuliramo mkuwa. Chitsulo anthuwa sadachidziwe. Mipeni, nkhwangwa ndi mikondo yao idali ya mkuwa wosakanizika ndi zina zoulimbitsa. Zdanovich adawerengera kuti m'mudzimo mukadatha kukhala anthu 1,500 kapena kufikira 2,500, ngakhale akatswiri ena ayesa kuti adali ochepera pamenepo.

Potsiriza pache mudziwo udapsa ndi moto. Koma m'mapulusa ache simudapezeke mitembo ya anthu ophedwa, ndipo katundu wabwino adali wochepa, monga ngati eni ache adayamba asamutsa zao zonse. Pambuyo pache, poyang'anitsitsa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'ndege, akatswiri adazindikira kuti Arkaim sudali wokha: m'dera lomwelo muli midzi ina ya malinga yoposa 20. Pa mudzi wina wotchedwa Kamennyi Ambar, akatswiri a ku Russia ndi a ku Germany adatsuka dothi lambiri ndi madzi kuti apeze njere zakupsa za mbeu, koma sadapeze tirigu kapena mbeu ina yolimidwa. Anthuwa chuma chao chidali ng'ombe, nkhosa, mbuzi ndi akavalo. Adali kudya nyama ndi mkaka, nsomba za m'mitsinje ndi zomera za kutchire.

Mudzi utiuza m'mene anthu adakhalira, koma za mumtima mwao timazimva bwino ku manda. M'boma lomwelo muli mtsinje wa Sintashta, umene pakusuntha khwawa lache udadya theka la mudzi wina wofanana ndi Arkaim. Malowo adapezeka m'chaka cha 1968, ndipo nchito yofukula, imene Vladimir Gening adaitsogolera poyamba, idafika mpaka 1986. N'chifukwa chache anthu onse a midzi imeneyi amatchedwa lero anthu a Sintashta. Pafupi ndi mudziwo padali manda asanu, ndipo aakulu mwa iwo adali ndi maenje 40. Anthu a m'chidikhacho adali ndi mwambo wounjika dothi pamwamba pa akufa ao, mitumbira yonga zulu zazikulu, imene kumeneko amaitcha kurgan, ndipo woyenda m'stepi aiona patali. Pansi pache pamakhala dzenje lalikulu lochingidwa ndi mitengo m'mbali ndi pamwamba, monga kachipinda. M'menemo adagonekamo wakufa cham'mbali, namuikira miphika ya chakudya. Mwamuna womveka adamuikira mkondo, mivi ndi mpeni, namuphera akavalo, ena athunthu, ena mitu ndi ziboda zokha. M'manda amodzi mudapezeka akavalo okwana 8. Ana nawonso sadatayidwe wamba: ku manda a ku Kamennyi Ambar ambiri mwa oikidwawo adali ana, ndipo makolo adawaikira timiphika tao.

Koma chimene chidamveketsa dzina la Sintashta pa dziko lonse ndi ichi. Pansi pa maenje ena padali timaenje tiwiri tating'ono toyandikana, ndipo popala mosamala m'timaenjemo adaona mabanga a mtengo woola: mkombero wa gudumu, ndi masipoko ache 10 kapena 12, onga a njinga ya kapalasa. Adali magareta a magudumu awiri, opepuka, okokedwa ndi akavalo awiri othamanga, ndipo pambali pa mitu ya akavalowo padali tizidutswa ta nyanga tosemedwa bwino, tomangira zingwe za pakamwa. Ngolo zolemera za magudumu a thabwa lathunthu, zokokedwa ndi ng'ombe, zidalipo kale m'maiko angapo. Koma gudumu la masipoko ndi nzeru ina. Pamenepo funso lidakula: kodi magareta amenewa ngakale motani? Kodi anthu a m'chidikha adaonera kwa mitundu ya m'mizinda yaikulu ya kumwera, kapena ndiwo adayamba?

Anthu a Sintashta sadalembe kanthu, ndipo palibe mwala wa pamanda wotchula chaka. Poyamba akatswiri adayesa kupeza zaka pofanizira zinthu. Tizidutswa tanyanga tija tidafanana ndi tina topezeka m'manda a mafumu ku Mycenae, m'dziko la Greece, amene zaka zao zidali zodziwika, ngati 1600 Ambuye Yezu asanabadwe. Chifukwa chache adati Sintashta ndi Arkaim nza nthawi yomweyo, pakati pa 1700 ndi 1500. Maganizowo adali anzeru, koma kufanana kwa nkhope sikutiuza amene ali mkulu ndi amene ali mng'ono.

Njira ina idachokera kwa Willard Libby wa ku Chicago, amene adailengeza m'chaka cha 1949, nalandira nayo mphotho ya Nobel mu 1960. M'mpweya umene tipuma muli kanthu kochepetsetsa kotchedwa kaboni 14. Udzu ndi mitengo zimakamwa, kavalo amakalandira podya udzu, munthu podya nyama ndi ndiwo. Ndipo masiku onse a moyo wache cholengedwa chimabwezera kamene katha. Koma pa tsiku la imfa kubwezerako kumaleka, ndipo kaboni 14 ayamba kuchepa pa liwiro losasinthika: theka lache limatha pa zaka 5,730 ziri zonse. Yerekezani nkhokwe yotsekedwa, imene mwini wache saikamonso chimanga, ndipo anankafumbwe adya theka la chotsalamo pa nyengo yoikika: muli madengu 100, pakutha pa nyengo yoyamba mutsala 50, pa yachiwiri 25. Munthu wodziwa kudya kwa anankafumbwewo, akatsegula nkhokweyo nayesa chimanga chotsala, anena tsiku limene idatsekedwa. Momwemonso fupa la zaka 4,000 limakhala litatsala ndi magawo ngati 6 mwa magawo 10 a kaboni 14 wache, ndipo makina a masiku ano amatha kuyesa zimenezi pa kachidutswa kochepa ngati njere ya nyemba.

Komabe muyeso umenewu nawo uyenera kuyesedwa. Kaboni 14 wa mumpweya sadali wofanana m'zaka zonse, ndipo akatswiri amakonza mawerengedwe ao ndi thandizo la mitengo. M'maiko ozizira mtengo umaonjeza mzere umodzi wozungulira m'thunthu mwache chaka ndi chaka. Powerenga mizereyo m'mitengo yakalekale, ndi kuyesa kaboni wa mzere uli wonse, adapanga mndandanda woongolera zaka. Palinso msampha wina: nsomba za m'mitsinje ina zimatenga kaboni wakale wosungunuka m'madzi, ndipo fupa la munthu wodya nsomba zambiri lingaoneke lakale kuposa m'mene liriri, mwina ndi zaka mazana. Chifukwa cha ichi katswiri wochenjera amayesanso fupa la kavalo kapena la nkhosa ya m'manda omwewo, pakuti izo zidali kudya udzu wokha. Ndiponso sakhulupirira muyeso umodzi, koma ayesa kambiri, nafanizira ndi kusanjikizana kwa dothi kuja. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Pa manda a ku Krivoe Ozero, amene Nikolai Vinogradov adafukula, mudali gareta ndi mitu iwiri ya akavalo. Iye pamodzi ndi David Anthony wa ku America adayesetsa mafupa a akavalowo, ndipo zimene adalengeza mu 1995 zidasonyeza zaka ngati 2000 Ambuye asanabadwe. Mu 2007 Bryan Hanks, Andrey Epimakhov ndi Colin Renfrew adafalitsa miyeso ina yambiri ya m'dera lonselo, ndipo idavomerezana ndi woyambawo. Lero ophunzira amaika anthu a Sintashta pakati pa zaka za 2100 ndi 1800 Ambuye asanabadwe, ndiko kuti zaka ngati 1,000 mfumu Davide asanalowe ufumu. Motero mawerengedwe oyamba aja adabwerera m'mbuyo ndi zaka mazana atatu kapena anai. Manda a ku Mycenae adasanduka ang'ono, ndipo magareta a ku Sintashta ndiwo akale koposa onse a masipoko amene apezeka kufikira lero. Aejipito, amene magareta ao timawamva m'mbiri ya Mose ndi Farao, adayamba kuyenda pa magareta patapita zaka mazana angapo. Onani kudzichepetsa kwa nzeru yoona: akulu ophunzira adasiya mau amene adaphunzitsa zaka zambiri, chifukwa fupa la kavalo lidawatsutsa. Muyeso womwewu wathandizanso kwathu kuno, pakuti ndi umene Yusuf Juwayeyi adapezera zaka za bwinja la Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, likulu lakale la Kalonga.

Koma si onse opita ku Arkaim amene amapita ndi mtima wofuna zoona. Mbiri ya malowo itamveka, anthu ena adayamba kunena kuti pamenepo pali mphamvu zobisika zochiza nthenda ndi zopatsa mwai. Ena adati ndipo padabadwira Zarathustra, mphunzitsi wa chipembedzo chakale cha ku Persia. Enanso adati ndipo pali chiyambi cha mtundu wopambana mitundu yonse. Chaka ndi chaka, makamaka m'mwezi wa Juni pamene dzuwa lichedwa kulowa, makamu a anthu amakwera timapiri ta m'mbali mwa chigwacho, nayenda mozungulirazungulira m'mizere ya miyala imene anthu a masiku ano adayala, poyembekeza kuti zofuna zao zichitika. Zimene ophunzira ambiri avomerezana ndi zakuti anthu a Sintashta ayenera kuti adalankhula chinenero chimene chidabala zinenero zakale za ku Persia ndi za kumpoto kwa India; koma za mneneri, za mwai ndi za mtundu wopambana, dothi silidanene kanthu. Wofukula woleza mtima amamvera akufa. Wofuna mwai amawaika mau ache m'kamwa.

Nanga ife Akristu titolepo chiyani? Anthu aja sadamve dzina la Yezu, pakuti adakhala ndi moyo Mose asanabadwe. Komabe taonani m'mene adavutikira chifukwa cha akufa ao: kukumba dzenje lalikulu popanda khasu lachitsulo, kudula mitengo m'dziko losowa mitengo, kupereka kavalo amene adali chuma chao chenicheni, kuikira kamwana kamphika. Munthu sachitira zotere chinthu chimene ayesa kuti chatheratu. Paulo Woyera adaphunzitsa anthu a ku Atene kuti Mulungu adalenga mitundu yonse kuti imfunefune, ngakhale mofufuza monga mumdima. Ndipo Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican udaphunzitsa mu 1964 kuti amene sadamve Mthenga Wabwino popanda kulakwa kwao, koma afuna Mulungu ndi mtima woona natsata chikumbumtima chao, angathe kupulumuka. Adalakwa poyesa kuti mzimu usowa mkondo ndi gareta, pakuti zonsezo zidatsala m'dzenje, ndipo ofukula adazipeza pomwepo patapita zaka 4,000. Ife tidziwa chimene chimatsagana ndi munthu: nchito zache zabwino, chifundo cha Mulungu, ndi mapemphero a abale ache. Kuika maliro mwaulemu, monga adachitira Tobiti, ndi imodzi mwa nchito zachifundo zimene tidaphunzira pa katekisimu.

Chifukwa chache, abale anga, manda tiwachitire ulemu, athu ndi a eni ake omwe, ngakhale a anthu amene maina ao adaiwalika. Mkristu asapite kumanda kukafuna chizimba kapena mwai, ndipo asanamizire akufa kuti ndiwo abweretsa nthenda ndi tsoka pa mudzi. Amene khasu lache litukula mafupa, mikanda kapena miphika yathunthu pa bwinja, asazimwaze kapena kuzigulitsa, koma akwirire bwino, nauze mfumu, kuti mau afike kwa a boma osunga zakale. Pakuti chinthu chikachotsedwa pamalo pache mosasamala, umboni wache watha ndipo subwereranso. M'mwezi uno tilambule manda a kwathu, tiimikenso mitanda imene idagwa, tipereke Misa ya abale athu. Ndipo pa mapemphero a madzulo m'banja, titatchula maina a akufa athu, tionjezepo iwo onse amene alibe wowatchula, a m'mabwinja a kwathu ndi a m'chidikha cha kutali chija, pakuti Mulungu amene adawalenga sadaiwale dzina la mmodzi yense.